Ya Ntchito Zonse

Nkhungu ya ku Lima sinachoke mpaka masana.
Ndinatsika basi pa msewu wa Wilson
nditapanikiza chikwama kukhwapa,
masole zikwi ziwiri ndi mazana atatu
okulungidwa m'sokosi ya mwana wanga.
Ndinawawerenga kunyumba.
Ndinawawerenganso m'basi, ndi zala zokha, osayang'ana.

Anyamata a timapepala anandizinga pakhomo
ngati ntchentche pa njere ya mango.
Mayi, kuno! Mayi, yatsopano, ya m'katoni!
Ndinakwera masitepe osayankha.

Fortunato ali ndi kauntala yopapatiza
pakati pa wogulitsa inki ndi wokonza mafoni.
Anandifunsa: ndi ya ntchito yanji?
Ndinaseka, poti funsolo ndi lalifupi
koma yankho lake ndi sabata yathunthu.

M'mawa ndimalemba maakaunti a eni minibasi atatu:
mafuta, matayala, zindapusa za pamsewu.
Lachiwiri ndi Lachinayi ndimaphunzitsa masamu
mtsikana wa ku Arequipa amene sindinamugwirepo chanza,
amangooneka pagalasi, mawu ake akudukaduka.
Usiku Eliseo amajambula zinjoka zamapiko
ndipo tsopano akuti zizilavula moto woyenda.
Lamlungu mayi anga ku Huancayo
amafuna aone okha ngati ndawonda.
Zonsezo, ndinatero. Ikhale ya zonsezo.

Anatulutsa yasiliva, yopyapyala ngati kope losalembamo.
Nditainyamula mtima unadumpha.
Nditamva mtengo, lendi ya miyezi inayi,
ndinaibweza mwaulemu
monga ubwezera khanda la eni ake likayamba kulira.

Ina inali yakuda, yojintcha, mabatani akuyaka zofiira,
ikupuma wefuwefu ngati galu wothamangitsa njinga.
Eliseo akanaigwadira.
Batire lake, maola awiri basi.
Ku depoti soketi ndi imodzi
ndipo mwini wake ndi ketulo ya madalaivala.

Yachitatu sanaichemerere.
Yotuwa, yokalika pakona,
yochokera ku ofesi ina imene inatsekedwa.
Magiga asanu ndi atatu, anatero,
koma kunsi kwake n'kosavuta kutsegula;
mukadzapeza kangachepe mudzabwere, tidzawonjezere.
Ndinati ndilole ndilembepo.
Ndinalemba dzina langa, Nélida Ccahuana.
Ndinalemba manambala kuyambira ziro mpaka naini
chifukwa manambala ndiwo amandidyetsa.
Batani la seveni linali losalala,
lofufutika pang'ono pakati.
Wina anakhalapo apa ine ndisanabwere,
naye ankawerenga ndalama za anthu ena
mpaka chala chinasiya phazi lake.

Tinanenerera mpaka khofi wake anazizira.
Anachotsa masole zana, ena anakana kwamtuwagalu,
nalumbira pa dzina la mwana wake wamkazi
amene chithunzi chake chamatidwa pa kalikuleta.
Kenako anaponyamo kambewa ka chingwe
ndi chikwama chazipi yovuta.
Lisiti analemba pamanja:
miyezi isanu ndi umodzi, kupatula madzi ndi kugwetsa.
Kupatula madzi ndi kugwetsa.
Ndinaona Eliseo, ndinaona kapu yake ya koko,
ndinaona chigongono chake chosamva kulangizidwa.

M'basi yobwerera ku San Juan de Lurigancho
ndinaikumbatira pamimba ngati ndili ndi pakati.
Sokosi inatsala yopepuka,
muli za buledi ndi za ulendo wa mawa.
Mnyamata wina anakwera ndi gitala, sindinamupatse kanthu,
ndinangomuyang'ana m'manja mpaka anatsika.
Pawindo nkhungu inayamba kudontha,
mvula yathu ino yosafuna kutchedwa mvula.

Sindinaitsegule.
Ndinangomva kulemera kwake pamaondo,
kilogalamu imodzi ndi theka, mwina kuposerapo,
ndikusinkhasinkha mawu achinsinsi
amene mwana wa zaka khumi sangawalote.
Pofika pa mlatho ndinali nditawapeza.
Pofika pa msika ndinadziwa
kuti ndidzamuuza ndekha Loweruka lisanafike.